Ndalama za National Insurance zimene akundidula ku Britain, kodi ndidzazionanso ndikabwerera kumudzi?

Funso

Ndine mayi wobadwa mu 1976, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku England mu 2022 ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leicester. Mwezi ndi mwezi pa pepala la malipiro amandidula ndalama pawiri, pena alemba National Insurance, pena pension. Mayi wina wachizungu amene ndimagwira naye ntchito usiku anandiuza kuti iye anakula akudziwa kuti adzapuma ali ndi zaka 60, koma boma linamutembenukira mpaka anadikira kufika 66. Mnzanga winanso wa ku Mulanje, kampani yawo itatsekedwa, anapita kukapempha thandizo la boma lotchedwa Universal Credit koma anamubweza, chonsecho naye ankadulidwa ngati ine. Maganizo anga ndi oti ndikamaliza nyumba imene ndikumanga ndibwerere kumudzi, mwina mu 2030. Kodi ndalama zimenezi zikupita kuti? Boma lingasinthe bwanji pangano anthu atalipira kale? Nanga ine ndidzaonapo kanthu ndili ku Malawi?

Yankho

Zikomo amayi chifukwa cha kalata yanu. Ndiyamba ndi zimene simungakonde kumva, kuti zinazo muzimve mtima uli m'malo. Mukabwerera ku Ntcheu mu 2030 mudzakhala mutalipira National Insurance zaka 8 zokha. Ndi zaka zimenezo boma la Britain silidzakupatsani penshoni ngakhale khobidi limodzi, ndipo zimene munadulidwazo sabweza. Malire ake ndi zaka 10. Komabe pepala lanu lili ndi mizere iwiri, ndipo mzere wachiwiriwo nkhani yake ndi yabwinoko.

Tengani pepalalo tilione limodzi. Tiyerekeze kuti mwezi umenewo mwagwira £2,000 asanadule kalikonse, ndipo tigwiritse ntchito malamulo a chaka cha msonkho cha 2025/26. Pa National Insurance, £1,048 yoyambirira saikhudza. Pa £952 yotsalayo amatengapo 8 peresenti, imene ndi £76.16. Abwana anu nawonso amalipira yawo, 15 peresenti ya ndalama zonse zopitirira £417, pafupifupi £237, ngakhale kuti ambiri saiona. Pa mzere wa pension, makampani ochuluka amayamba achotsa £520, ndiye pa £1,480 yotsalayo inu mumaika 5 peresenti, £74, imene kagawo kake ndi msonkho umene boma limakukhululukirani. Abwana amaonjezerapo 3 peresenti, £44.40. Mukayang'ana mwachangu, £76 ndi £74 zimaoneka ngati mapasa, koma zikachoka pamenepo zimalowera njira zosiyana.

Ya pension ija imakalowa m'thumba lolembedwa dzina lanu. Ikufanana ndi zimene tinayamba ku Malawi ndi lamulo la penshoni la 2011, pamene bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndalama n'kumasungidwa ndi kampani ya penshoni. Ya National Insurance ilibe thumba lanu. Imene mwadulidwa mwezi uno, mwezi womwe uno yapita kale kwa agogo amene mumawasambitsa m'mawa aja, ina yapita ku zipatala za NHS. Chimene inu mwatsala nacho ndi chizindikiro m'kaundula wa boma choti chaka chakutichakuti munalipira.

Ine ndimakonda kuyerekeza zimenezi ndi chipereganyu, koma chipereganyu cha mibadwo. Lero mukusonkhera amene akalamba, mawa ana amene panopa ali kusukulu adzasonkhera inu. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chipereganyu cha amayi a pamsika malamulo mumapangana nokha, ndipo osonkha ndi olandira ndi anthu omwewo. Apa malamulo ali m'manja mwa nyumba ya malamulo ku Westminster, imene ikhoza kuwasintha chipereganyu chili mkati, komanso olandira akuchulukirachulukira pamene osonkha sakuwonjezeka mofanana. Funso lanu lachiwiri lija layankhidwa pamenepa. Palibe pepala la pangano limene munasainirana ndi boma. Pali lamulo basi, ndipo lamulo limafufutidwa ndi lamulo linzake.

Penshoni ya boma ku Britain inayamba ndi lamulo la 1908, ndipo inali mashilingi 5 pa sabata kwa osauka opitirira zaka 70. Ku Germany, Otto von Bismarck anali atayamba kale yake mu 1889, nayenso pa zaka 70. Masiku amenewo ofika msinkhu umenewo anali ochepa, choncho lonjezo linali lotchipa. Dongosolo la National Insurance limene mukulipira lerolino linakhazikika mu 1948 potsatira lipoti la William Beveridge la 1942, ndipo abambo ankapuma pa zaka 65, amayi pa 60. Nthawi imeneyo bambo wofika zaka 65 ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zina pafupifupi 12. Lero ndi zaka 18, ndipo amayi ndi pafupifupi 21. Olandira penshoni ya boma ali pafupifupi 13 miliyoni, ndipo mu 2024/25 inadya ndalama zokwana pafupifupi £138 biliyoni. Inu nomwe mukuona kuntchito kwanu kuchuluka kwa agogo a zaka 90. Aliyense wa iwo wakhala akulandira kwa zaka 25 kapena 30.

Zikatere boma limakhala ndi njira zitatu: kukweza msonkho, kuchepetsa ndalama imene okalamba amalandira, kapena kuchedwetsa tsiku loyamba kulandira. Wandale amene angaime poyera n'kunena kuti akudula penshoni ndiye kuti watsanzika mpando wake. Ndiye amachita ngati venda wa chimanga uja amene mtengo wa ndowa sasintha, koma ndowayo pansi pake anaimenya kuti ilowe mkati.

Mnzanu wausiku uja anakumana ndi ndowa yoyamba, ya msinkhu. Lamulo la 1995 linati amayi azipuma pa zaka 65 ngati abambo, ndipo kusinthako kuchitike pang'onopang'ono pakati pa 2010 ndi 2020. Mfundo yake inali yomveka, chifukwa amayi amakhala moyo wautali kuposa abambo koma ankapuma msanga. Cholakwika chinali chakuti boma linakhala zaka zoposa 10 osawalembera makalata eni akewo. Kenaka lamulo la 2011 linafulumizitsa zonse: amayi anafika pa 65 mu Novembala 2018, ndipo onse, abambo ndi amayi, anafika pa 66 mu Okutobala 2020. Amayi pafupifupi 3.6 miliyoni obadwa m'zaka za m'ma 1950 anakhudzidwa. Ena anali atasiya kale ntchito kuti azisamalira makolo kapena zidzukulu, akuwerengera kuti penshoni yatsala pang'ono, n'kungozindikira kuti yatalikira ndi zaka 6. Anapanga gulu lotchedwa WASPI mu 2015. Mu Malichi 2024 ofesi ya Ombudsman inagamula kuti boma linalakwitsa pa kadziwitsidwe kake, n'kunena kuti aliyense apepesedwe ndi ndalama za pakati pa £1,000 ndi £2,950. Mu Disembala 2024 nduna Liz Kendall inapepesa ndi pakamwa koma inakana kulipira. Choncho mayiyo akamadandaula usiku pa tiyi, musamuone ngati wongolongolola, zinamuchitikiradi.

Msinkhuwo sunaime pa 66. Pakati pa 2026 ndi 2028 ukukwera kufika 67, ndipo inu wobadwa mu 1976 wanu ndi umenewo, kutanthauza chaka cha 2043. Lamulo limene lilipo likuti 68 idzayamba pakati pa 2044 ndi 2046 kwa obadwa kuyambira Epulo 1977, ndiye mwapulumuka ndi miyezi yowerengeka. Koma musagone tulo. Mu 2017 John Cridland, amene boma linamutuma kuunika nkhaniyi, analangiza kuti 68 ibwere msanga, pakati pa 2037 ndi 2039, ndipo zimenezo zikanakugwirani inuyo. Boma linavomera koma silinapange lamulo, mu 2023 linakankhira chiganizocho kutsogolo, ndipo mu Julaye 2025 linatsegulanso kuunika kwina. Chimene chingakutonthozeniko n'chakuti nkhani ya amayi aja itavuta, boma linalonjeza kuti lizichenjeza anthu kutatsala zaka 10.

Kukweza msinkhu kumaoneka ngati kwachilungamo chifukwa kumagwira aliyense mofanana, koma ine sindikhutira nako. Munthu wa mu ofesi amene amakhala pa kompyuta akhoza kugwira mpaka 67 osavutika. Inu amene mumanyamula anthu kuchoka pabedi kupita pa njinga usiku wonse, msana udzakhala utanena kale zake. Ndiponso osauka amafa msanga kuposa olemera, ndiye chaka chimodzi chimene achotsa n'chachikulu kwa munthu amene akanalandira zaka 10 kuposa amene adzalandire 25.

Ndowa yachiwiri ndi yobisika kwambiri, ndipo ndi ya kakwezedwe ka penshoni chaka ndi chaka. Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linasiya kukweza penshoni motsatira malipiro a anthu ogwira ntchito, n'kuyamba kutsatira mitengo ya zinthu yokha. Palibe amene anadulidwa kanthu tsiku limenelo. Koma popeza malipiro amakwera msanga kuposa mitengo, penshoni inkatsalira pang'onopang'ono kwa zaka 30. Mu Epulo 2000 inakwera ndi 75p yokha pa sabata, okalamba anakwiya koopsa, ndipo andale a ku Britain mpaka lero akamva 75p amachita tsemwe. Kuyambira 2011 anabweretsa chimene amatcha triple lock: penshoni imakwera motsatira chimene chakula pa zinthu zitatu, malipiro, mitengo ya zinthu, kapena 2.5 peresenti. N'chifukwa chake inakwera ndi 10.1 peresenti mu Epulo 2023, 8.5 mu 2024, ndi 4.1 mu 2025, kufika £230.25 pa sabata kwa wolandira yathunthu. Ngakhale loko imeneyi anaitsegulapo kamodzi, mu 2022, ataona kuti malipiro adumpha kwambiri mliri wa Covid utatha, ndipo okalamba anangopatsidwa 3.1 peresenti.

Ndowa yachitatu ndi imene yakugwirani inu, ya zaka zolipira. Chisanafike chaka cha 2010, bambo ankafunika zaka 44 ndipo mayi 39 kuti alandire penshoni yathunthu. Mu 2010 anatsitsa kufika 30 kwa onse, ndipo ngakhale wa chaka chimodzi ankalandirako kagawo kake. Pa 6 Epulo 2016 inayamba penshoni yatsopano imene imafuna zaka 35, ndipo wosakwanitsa 10 salandira kalikonse. Munthu wobadwira ku Britain zaka 10 sizimuvuta, chifukwa ngakhale atakhala pakhomo kulera mwana wosafika zaka 12, kapena akudwala, kapena ali pa ulova, boma limamulembera ngati walipira. Amene lamuloli limawaluma ndi obwera ali akuluakulu ngati inu ndi ine. Wa ku Poland kapena Jamaica amathandizika, chifukwa maiko awo ali pa mgwirizano ndi Britain ndipo zaka zimene anagwira kwawo zimawerengedwa pofuna kukwanitsa 10 zija. Malawi alibe mgwirizano woterowo. Zaka zanu zonse zimene munagwira kumudzi, kuno siziwerengedwa.

Maiko ena zimayenda mosiyana malinga ndi khalidwe la eni dziko. Ku France, François Mitterrand anatsitsa msinkhu kufika 60 mu 1982, Nicolas Sarkozy anaukweza kufika 62 mu 2010, ndipo Emmanuel Macron atafuna 64 mu 2023 anthu oposa miliyoni anali mumsewu kangapo konse, zinyalala zinaunjikana mu Paris otola atanyanyala, mpaka boma linadutsitsa lamulolo popanda voti ya aphungu pogwiritsa ntchito gawo 49.3 la malamulo aakulu a dzikolo. A ku Sweden anachenjera. Mu 1994 zipani zazikulu zinagwirizana kuti msonkho wa penshoni ukhale pa 18.5 peresenti osasuntha, ndipo pambuyo pake anaonjezera lamulo loti ndalama zikachepa penshoni izitsika yokha mwa masamu popanda nduna kulengeza. Zinachitikadi mu 2010. Ku Denmark anamangirira msinkhu wopumira ku kutalika kwa moyo, ndipo mu Meyi 2025 aphungu anavomereza kuti udzafike 70 mu 2040. Njira ya masamuyi andale amaikonda chifukwa wolandira akakwiya sapeza munthu womuloza chala.

Tsopano za mnzanu wa ku Mulanje. Thandizo la anthu amene ntchito yawathera lakhala likuchepetsedwa mopanda manyazi kusiyana ndi penshoni, ndipo chifukwa chake si masamu ayi, ndi mavoti. Aliyense amayembekeza kukalamba, koma ambiri saganiza kuti tsiku lina adzakhala lova, ndipo okalamba ndi amene salephera kupita kukavota. Onani izi. Kuyambira 2016 mpaka 2020 ndalama za malova ndi mabanja osauka anaziimika osakweza ngakhale pang'ono, pamene penshoni inkakwera chaka chilichonse. Mu Julaye 2024 nduna ya zachuma Rachel Reeves inachotsa ndalama yothandizira kutenthetsa nyumba m'nyengo yozizira kwa okalamba ambiri, koma pasanathe chaka inabweza chiganizocho phokoso litakula. Koma £20 ya pa sabata imene anaonjezera pa Universal Credit nthawi ya Covid anaichotsa mu Okutobala 2021, ndipo sinabwererenso.

Kale munthu amene walipira National Insurance ankalandira thandizo la ulova chaka chathunthu. Mu 1996 anasintha dzina kukhala Jobseeker's Allowance, n'kudula nthawiyo kufika miyezi 6. Dzina lenilenilo likuuzani maganizo ake: sukulandira chifukwa ntchito yatha, ukulandira chifukwa ukufunafuna ina, ndipo uonetse umboni. Universal Credit inabwera ndi lamulo la 2012 pansi pa nduna Iain Duncan Smith, n'kuphatikiza mathandizo 6 kukhala limodzi. Cholinga chimodzi chinali chabwino, chakuti munthu akapeza kantchito asataye thandizo lonse tsiku lomwelo, ndipo lero pa paundi iliyonse imene wapeza amamuchotsera 55p. Koma munthu amadikira masabata 5 asanalandire koyamba, amasainira kuti azifunafuna ntchito mpaka maola 35 pa sabata, ndipo akajomba ku Jobcentre, ofesi ya boma ya ofuna ntchito, amamudula. Poyamba chilangocho chinkatha kufika zaka 3, mpaka mu 2019 pamene anachitsitsa kufika miyezi 6.

Germany inadutsa njira yomweyo mwaukali. Malova atachuluka, Gerhard Schröder anatuma Peter Hartz, mkulu woona za antchito ku kampani ya Volkswagen, kuti akonze dongosolo latsopano. Kuyambira Januwale 2005 munthu amene watha nthawi yake ya inshuwalansi, imene kwa ambiri inadzakhala miyezi 12, ankagwera pa ndalama imodzi yofanana kwa onse, 345 euro pa mwezi kuzambwe kwa dzikolo, kaya anali injiniya kaya wosesa. Chaka chimenecho malova anapitirira 5 miliyoni, kenaka anatsika kwambiri m'zaka zotsatira, ndipo akatswiri mpaka lero amakangana ngati chinawatsitsa ndi lamulolo kapena kuyenda bwino kwa malonda a Germany kunja. Schröder yekha anataya mpando chaka chomwecho. Komabe chaka choyamba chija wa ku Germany amalandira 60 peresenti ya malipiro ake akale, kapena 67 ngati ali ndi mwana. Wa ku Britain mu 2025/26 ankalandira £92.05 pa sabata basi, kaya malipiro ake akale anali ochuluka bwanji.

Mnzanuyo anabwezedwa chifukwa chiphaso chake, ngati chanu, chili ndi mawu akuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti saloledwa kulandira thandizo lochokera ku misonkho wamba. Universal Credit ili m'gulu limenelo, ndipo kuilandira mwachinyengo kukhoza kuononga chiphaso. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mathandizo ochokera pa National Insurance sali m'gululo. New Style Jobseeker's Allowance, ya £92.05 ija kwa masiku 182, imayang'ana ngati munalipira mokwanira m'zaka ziwiri za msonkho zapitazo. Penshoni ya boma nayonso sili m'gululo. Mnzanuyo anagogoda chitseko cholakwika, ndipo bwenzi atafunsa za chinacho ku Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo kumene thandizo ndi laulere. Ndisakunamizeni kuti ndalama imeneyo ikanamupulumutsa. Kampani ikalandidwa chilolezo cholemba anthu akunja, Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko, imatumiza kalata yopereka masiku 60 oti munthu apeze bwana wina kapena atuluke m'dziko, ndipo nkhondo yeniyeni imakhala imeneyo.

Tibwerere kwa inu, tiwerengere. Zaka 8 ndi ziro. Pa mlingo wa 2025/26, zaka 10 ndi magawo 10 mwa 35 a £230.25, imene ndi £65.79 pa sabata, kapena pafupifupi £3,420 pa chaka, moyo wanu wonse kuyambira pa zaka 67. Zaka 15 ndi £98.68 pa sabata. Ku Leicester ndalama imeneyo singalipire ngakhale chipinda, koma ku Ntcheu, m'nyumba yanuyanu yopanda lendi, mukudziwa nokha chimene ingachite. Zaka ziwiri zomalizazo ndi zamtengo wapatali kuposa zonse 8 zoyambazo kuziphatikiza.

Kale ndikanakuuzani kuti pitani kumudzi, zaka ziwirizo mukagule muli komweko, chifukwa munthu amene wakhala ku Britain zaka 3 ankaloledwa kupitiriza kulipira mwa kufuna kwake ali kunja, ena pa mtengo wotsika kwambiri wa £3.50 pa sabata. Khomo limenelo alitseka. Bajeti ya Novembala 2025 inalengeza kuti kuyambira Epulo 2026 mtengo wotsikawo watha kwa okhala kunja, ndipo wofuna kuyamba kulipira ali kunja akhale atakhala kapena kulipira ku Britain zaka 10. Mwaona mmene zimachitikira? Zinalengezedwa m'kati mwa bajeti, popanda chionetsero, chifukwa okhudzidwa ndi anthu amene ali kutali. Ndiye zaka 10 zanuzo muyenera kuzikwanitsa muli konkuno.

Mukadzafika 67 muli ku Malawi, penshoni sidzabwera yokha. Mudzayenera kuipempha kudzera ku International Pension Centre, ndipo nthawi ndi nthawi azidzakutumizirani fomu yoti musaine pamaso pa mboni kutsimikiza kuti muli moyo. Mukaiiwala m'kabati amaimitsa ndalama. Chachikulu n'chakuti penshoni yanu idzauma. Adzakupatsani pa mlingo wa chaka chimene mwayamba kulandira, ndipo sidzakweranso. Triple lock ija imagwira kwa okhala ku Britain, maiko a ku Ulaya, America, Jamaica, Philippines, Mauritius ndi ena ochepa amene ali pa mgwirizano. Okhala ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa, ngakhale Canada ndi Australia, yawo ndi youma, ndipo onse pamodzi ndi oposa 400,000. Mayi wina wa ku Britain wokhala ku South Africa, Annette Carson, anatengera boma kukhoti, anagonja ku khoti lalikulu la House of Lords mu 2005, anagonjanso ku khoti la ufulu wa anthu la ku Strasbourg mu 2010. Choseketsa chake n'chakuti mukabwera kudzacheza ku Britain amakukwezerani pa masabata amene muli kuno, mukangokwera ndege yobwerera imabwerera pakale. Mwina munganene kuti paundi youma ilibe vuto poti kwacha imagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zoona, makwacha amachuluka. Koma feteleza, mafuta ndi mankhwala zimakwera tsiku lomwelo, ndipo paundi nayo mphamvu yake imatha pang'onopang'ono. Ya zaka 67 idzakukwanirani bwino kuposa ya zaka 85.

N'chifukwa chake mzere wachiwiri uja musaupeputse. Penshoni ya kuntchito inakhala yokakamiza mabwana kuyambira Okutobala 2012, potsatira malangizo a komiti ya Adair Turner, ndipo ndi njira imene boma linasankha yotula gawo la katundu pamapewa a wantchito ndi bwana wake. Amakulowetsani musanapemphe, koma muli ndi ufulu wotuluka. Ndakhala ndikuona abale athu ambiri akutuluka mwezi woyamba kuti ndalama imene amadulidwa ija ipite ku simenti ndi malata. Ndimawamvetsa, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma potuluka amasiyira bwana £44.40 imene inali yawo, mwezi uliwonse. Pa malipiro a £2,000, zonse pamodzi ndi £118.40 pa mwezi, ndipo pa zaka 8 ndi ndalama zoposa £11,000 tisanawerengere phindu kapena kutsika kwa misika. Imeneyi ilibe malire a zaka 10, siuma chifukwa choti mwasamuka, ndipo mukamwalira imapita kwa amene munamulemba. Msinkhu woitengera panopa ndi 55 koma ukukwera kufika 57 mu Epulo 2028, ndiye inu mudzaitenga kuyambira 2033.

Ndikanakhala inu, sabata ino ndikanatsegula tsamba la GOV.UK lotchedwa Check your State Pension forecast, kapena app ya HMRC, ofesi ya boma yotolera misonkho, n'kuona chaka ndi chaka ngati chalembedwa kuti ndi chathunthu. Yang'anitsitsani 2022/23. Chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo, ndiye ngati munafika chakumapeto mwina simunapeze ndalama zokwanira kuti chiwerengedwe, ndipo zaka zanu zikhoza kukhala 7 m'malo mwa 8. Chaka choperewera chimatheka kuchidzaza pasanathe zaka 6, pa mtengo wa £17.75 pa sabata iliyonse yosowa malinga ndi mitengo ya 2025/26, koma muyambe mwaimbira Future Pension Centre akutsimikizireni musanalipire. Onaninso ngati zimene bwana amakudulani zikufikadi ku HMRC. Ndinathandizapo mayi wina amene kampani yake inkamudula mwezi uliwonse koma kaundula wa boma anali mbee, ndipo chinamupulumutsa ndi mapepala a malipiro amene ankasunga m'jumbo pansi pa bedi, pamodzi ndi fomu ya P60 imene amapereka chaka chikatha.

Za chaka chobwerera, ine ndinganene 2032 osati 2030, ngati thupi ndi chiphaso zikulolani. Nyumba ikatha mu 2030 muikemo munthu wa lendi zaka ziwirizo. Ndipo musanakwere ndege, lembani m'kope dzina la kampani iliyonse imene ikusunga penshoni yanu ya kuntchito, kaya ndi Nest kaya ina, pamodzi ndi nambala yanu ya umembala ndi ya National Insurance, chifukwa mukasintha bwana kawirikawiri thumba limasinthanso. Apatseni imelo imene simudzaisiya komanso keyala ya ku Malawi, ndipo fomu yotchula wodzalandira mukamwalira muidzaze mayina a ana anu momwe alembedwera pa ziphaso zawo.